Dzenje la Phazi Lamanzere

Bambo anga asamalira bwalo la masewera a kiriketi zaka makumi atatu ndi zinayi, koma sanaponyepo mpira ngakhale kamodzi. Ntchito yawo ndi kutchetcha udzu, kuthirira, kukoka chigudumu chachitsulo chosalazira pomwe mpira umagunda, ndi kulemba mizere ndi laimu. Koma mukangolakwitsa kuwafunsa kuti pa oponya mwaliwiro onse a masewera a masiku asanu katswiri ndani, khalani pansi, basi yanu yapita.

Anzawo amayeza oponya ndi manambala a pa wailesi. Iwo ayi. Masewera akatha amagwada pamzere pomwe woponya amaponda ndi phazi lakutsogolo, n'kupisa zala m'dzenje lomwe wasiya. Katswiri weniweni, amatero, amaponda pamodzimodzi kuyambira tsiku loyamba mpaka lachisanu, dzenje lake lopapatiza koma lakuya. Woyamba kwa iwo ndi mlendo wina wamtali amene anabwera ine ndikuyamwa. Wachiwiri ndi wamanzere wina wamfupi, wamwano ngati chiyani. Maina amenewa tinkadyera limodzi ndi chakudya, mpaka mayi ankati, "Bambo a ana, kodi anthu amenewa akutipatsa chiyani?"

Mlongo wanga wamng'ono anakulira m'nkhani zimenezo, ndipo anasanduka woponya. Anzake amamutcha Chiphaliwali. Chaka chatha, pokonzekera masewera a masiku asanu, m'timu ya dziko munatsala malo amodzi, olimbirana awiri: iye ndi mnzake wina woonda, Nsungwi. Anawayesa Lachitatu pabwalo la bambo lomwelo.

Ine ndinafika masana kudzawapatsa bambo mankhwala awo a shuga, omwe amaiwala dala. Oponya anali atapuma. Bambowo ndinawapeza atagwada pamzere, zala m'dothi, osadzuka. Atadzuka anandikokera m'kashedi kosungira mapaipi.

"Dzenje la mlongo wako lapendekeka," anatero. "Phazi lamanzere likutera chammbali. Akuthawa ululu wa msana. Ndaziona katatu zimenezi, ndipo mmodzi mwa atatuwo lero akuyendera ndodo. Iwe ukudziwapo chiyani?"

Ndinkadziwa, inde. Kwa mwezi wathunthu mnyamatayo ankagona pasimenti kunyumba kwanga, akumeza mapilisi ngati mtedza, ndipo anandilumbiritsa kuti ndisauze munthu.

"Bambo, chonde," ndinatero. "Wadikira zaka zisanu ndi ziwiri. Inu ntchito yanu ndi udzu. Akakufunsani, nenani za udzu."

"Sandifunsa za udzu."

Ankanena zoona. Mkulu wosankha timu, mdala wa chipewa chansalu, sankalemba dzina la woponya asanadutse pakashedi kameneka. Madokotala ali nawo, makina oyezera liwiro ali nawo, koma ankadalirabe zala za bambo. Sipanapite mphindi khumi, uyo akubwera, ndipo kumbuyo kwake kunali Chiphaliwali, thaulo lili m'khosi, akumwetulira. Anali ataponya ngati wolodzedwa m'mawa umenewo, ndipo ankadziwa.

"Akuluakulu, tiuzeni," anatero mkuluyo. "Awiriwa ndi uti?"

Bambo anayamba kupinda paipi yomwe inali yopinda kale. Ine ndinawaponda phazi. Sanandiyang'ane n'komwe.

"Nsungwi ndi wabwino," anatero. "Satopa. Koma wangayu ndi wina. Pa onse amene aponda bwalo lino chiyambire ine ntchito, ndimamuika wachitatu."

Kalanga ine, nkhope ya mlongo wanga! Moyo wake wonse anadikira mawu amenewo. Ankangoyang'ana pansi, akuseka ngati mwana wapatsidwa nsapato zatsopano. Mkuluyo anatulutsa cholembera.

"Koma musamutenge," anatero bambo. "Msana wake wavulala. Tsiku lachiwiri sakafika. Kamujambulitseni kuchipatala."

Mkuluyo anatembenukira kwa mnyamatayo. "Zoona, iwe?"

"Bodza, bwana. Bambowa akalamba."

"Ndiye tola mpira uwo uli pansiwo, mawondo osapinda."

Anawerama pang'onopang'ono. Dzanja litafika pabondo anaima, thukuta lili kamukamu, mano ataluma mlomo. Anayesanso. Ine ndinatseka maso, chifukwa sindikanatha kupirira. Nditatsegula, mkuluyo anali akulemba dzina la Nsungwi.

Kunyumba ndinawakalipira bambo mpaka mawu anandithera. Ndinati ndi ankhanza, amakonda maenje kuposa ana awo. Anangokhala pampando, manja awo adothi ali pamawondo. Ndikuulula kuti pansi pa mkwiyo wonsewo mtima wanga unapepuka, ndipo ndinachita manyazi nazo.

Kuchipatala anapeza mng'alu m'fupa la m'munsi mwa msana. Dokotala anati miyezi isanu ndi itatu osagwira mpira. Nsungwi anasewera masiku asanu aja, anachita bwino, ndipo malowo sanawasiyenso. Bambo ndi amene anakonza bwalolo, m'mawa uliwonse, monga mwa masiku onse.

Mlongo wanga anachira, koma timu inali itapita patsogolo. Pano amayendetsa galimoto yonyamula katundu. Chaka chinatha osaponda pakhomo pa makolo, mpaka mayi atadwala mwezi wathawu. Tinakumana tonse pabenchi lapakhonde la chipatala. Bambo anasendera kuti akhale pambali pawo, iye anangoima.

"Ukuyenda bwino, mwana wanga," anatero bambo. "Taona, ukuyenda wekha."

"Ndikuyenda, inde," anayankha. "Koma msanawo unali wanga, bambo. Mukanandisiya ndikauthyolere m'bwalo, nditavala malaya a dziko, ngakhale tsiku limodzi lokha."

Nesi anaitana kuti alowe mmodzi, ndipo amene analowa ndi mlongo wangayo.