Tebulo la Eni Ake pa Njuli

A Lackson Kalinde anabwerera ku Njuli mu 1975, atakhala ku Joni zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Anzawo amene anatsika nawo basi anabwera ndi njinga, mawailesi ndi mabulangete. Iwo anabwera ndi bokosi la matambula akuluakulu okhala ndi zogwirira, kabelu kamkuwa, ndi mutu wodzaza ndi za Chijeremani. Ku Jeremani kwenikweniko sanapondeko ayi. Jeremani wawo anali bala ina ya mumzinda wa Joni, ya mzungu wina dzina lake Helimuti, kumene ankatsuka matambula ndi kuperekera mowa kuyambira ndevu zikungomera mpaka imvi zitayamba kuonekera.

Kumudzi anapeza zinthu zitasuntha. Mayi awo anali atamwalira, anzawo apaubwana ena anali kumanda, ena ku Limbe, ndipo otsalawo ankawapatsa moni waulemu wopitirira, moni wa mlendo. Kumbali ankawatchula kuti mtchona. Akazi awo, a Nabanda, anawalandira bwino ndithu, koma akamayenda pamsewu ankachita kuwanong'oneza kuti, "Awo ndi ana a malemu a Mathero, apatseni moni." Zimenezi zinkawapweteka a Kalinde. Ankafuna kuti akhalenso munthu wa pa Njuli, woti akasowa tsiku limodzi anthu afunse.

Ndiye anamanga bala m'mbali mwa msewu wopita ku Zomba, yanjerwa zootcha, naitcha Kwa Jeremani. Zonse zinkayenera kuyenda ngati kwa Helimuti. Mowa wa m'botolo ankauthira m'tambula mwaluso mpaka thovu litakwera zala ziwiri, ndipo anthu ankadandaula kuti, "A Kalinde, tabwerera mowa ife. Thovu tili nalo la sopo kunyumba." Anadula kabichi, kumuthira mchere, n'kumutsekera mumtsuko milungu itatu kuti awawase monga amadyera Ajeremani. A Nabanda atavundukula mtsukowo sanafunse munthu. Anakataya kudzala, mtsuko ndi chivundikiro chomwe. Masoseji okha a nkhumba za ku Nchema ndiwo anagwira mtima anthu, moti madalaivala a malole ankaima dala kuti agule.

Koma mtima wa a Kalinde unali pa tebulo. Anauza kalipentala kuti awakhomere tebulo lozungulira la mlombwa, lolemera moti pobwera nalo analinyamula amuna anayi. Analiika pakona, pafupi ndi zenera, ndi mipando isanu ndi umodzi. Pakati anaikapo kabelu kaja ndi kathabwa kolembedwa liwu la Chijeremani, dzina la tebulo la makasitomala okhazikika, limene anthu a pa Njuli ankaliwerenga kuti Sitamutishi.

Kwa Helimuti kunali tebulo lotero. Tsiku lililonse akaweruka kuntchito, amuna asanu omwewomwewo ankalowa, aliyense n'kugogoda patebulopo ndi nkhonya m'malo mopereka moni wa m'manja, n'kukhala pampando wake. Ankakangana, kuseka, kutukwanizana, mawa lake n'kubweranso. Palibe amene ankawaitana, ndipo mlendo sankayerekeza kukhalapo. Wina akapanda kubwera, mpando wake unkakhala wopanda munthu ndipo anzake ankatuma uthenga kunyumba kwake. A Kalinde anaona zimenezi zaka zonsezo ataimirira ndi thileyi m'manja. Sankasirira mowa wa azunguwo kapena masuti awo. Ankasirira mpando woyembekeza mwini wake uja.

Tsiku lotsegulira, aphunzitsi a Stanford anafika pafupi ndi tebulolo n'kufunsa kuti, "Nanga ili, a Kalinde, ndi la ndani?"

"Ndi la eni ake," anayankha a Kalinde monyadira.

"Eni ake ndani?"

"Adzadziwika okha."

Umu ndi momwe Helimuti ankayankhira alendo, ndipo a Kalinde ankaona kuti ndi yankho lakuya. A Stanford anangoti, "Oo," n'kukakhala pabenchi pafupi ndi khomo.

Panapita mwezi, panapita chaka. Mabenchi ankadzaza, koma patebulopo sipanakhale munthu ngakhale mmodzi. A Kalinde ankalipukuta m'mawa uliwonse ndi nsalu yakeyake, kulipaka polishi, kukonza mipando kuti iyang'anizane bwino. Nthawi zina podutsa ankagogodapo ndi nkhonya, ati anthu aonere. Anthu anaonadi, koma anaona zina. Munthu wochokera ku Joni, ali ndi tebulo lopanda okhalapo, akuligogoda, akuti lili ndi eni ake osaoneka. Pa Njuli nkhani yotere siifuna kuithirira madzi. Kumsika kunamveka zoti a Kalinde anakhwima, ndipo pamipandopo pamakhala amene amawakokera makasitomala. Ena anawonjeza kuti kabeluko kamalira kokha. Amayi anayamba kuletsa amuna awo kupitako, ndipo amene ankapitabe ankakhala chopereka msana kukonako.

A Nabanda anazimva kuchitsime koma anachita mantha kuwauza amuna awo, podziwa momwe ankalikondera tebulolo. Anangoti, "Bwanji tebulo lija tilitengere kunyumba, bambo? Ana azilembera za kusukulu." A Kalinde anakwiya tsiku lonse.

Pakhonde la balayo pankakhala telala, Che Nasibu, ndi makina ake opalasa ndi mapazi. Anali Msilamu wa ku Mpama, wamfupi, wosachedwa kuseka. Anapempha malowo balayo isanafoleredwe n'komwe, chifukwa khondelo linayang'ana kumsewu. M'katimo sanalowemo chiyambire. Mowa ndi nkhumba zinali kutali ndi iye, ndipo soseji akamakazingidwa ankasuntha makina ake kupita kumene kukuchokera mphepo. Koma m'mawa uliwonse ndiye ankayamba kufika, ndipo a Kalinde akamasesa ankacheza naye za mvula, za mitengo ya nsalu, za bondo lawo lomwe linkavuta. Tsiku lina a Kalinde atagona ndi malungo, Che Nasibu anatseka makina masana n'kuyenda wapansi kukawaona.

Lachiwiri lina m'mawa, bala ili pululu, a Kalinde anatuluka ndi nsalu yawo yopukutira paphewa n'kuima pakhomo.

"Che Nasibu, anthu a kuno ndinawalakwira chiyani? Zaka ziwiri tsopano."

Che Nasibu anaimitsa makina. Anadula ulusi ndi mano, n'kuwayang'ana.

"Achimwene, ndinene? Musakwiyetu."

Anawafotokozera zonse, za kukhwima, za eni ake osaoneka, za kabelu kolira kokha. A Kalinde anayamba ndi kuseka, koma kusekako kunathera panjira. Anagwira chitseko. Anthu amene ankawafunira malo abwino koposa m'nyumba yawo ndi omwewo ankawayesa mfiti. Anamva chisoni chachikulu, ndiponso manyazi.

"Tebulo lija n'la anthu obwera tsiku ndi tsiku," anatero motsitsa mawu. "Amakhalapo okha. Saitanidwa. Ndi mwambo wake umenewo."

"Mwambo wa kuti?" anafunsa Che Nasibu. "Kuno munthu angalowe m'nyumba ya mwini n'kudzisankhira mpando wabwino yekha? Ngakhale mlamu wanu amaima mpaka mumuuze kuti khalani apa. Inu mukudikira kuti akhale okha, iwo akudikira kuti muwauze. Kenako mukuti lili ndi eni ake. Nanga aganize chiyani? Mwakhalitsa ku Joni, achimwene."

A Kalinde anayang'ana kumsewu. Lole inadutsa kupita ku Zomba, fumbi n'kukhazikika.

"Ndiye obwera tsiku ndi tsiku ndani?" anadzifunsa mokweza. Anatchula a Stanford, koma iwo ankabwera mwezi ukatha basi. Anatchula ena awiri, n'kupukusa mutu. Kenako anayang'ana telala uja, amene anali atayambanso kulowetsa ulusi pasingano.

"Ine musandiwerengere," anatero Che Nasibu akuseka. "Mukudziwa kuti m'menemo sindilowa."

A Kalinde anaitana amuna atatu amene ankadikira basi patsidya pa msewu. Amunawo anazengereza pomva kuti n'tebulo lija, koma dzuwa likamawala mantha amachepa. Analitulutsa chopendeketsa pakhomo, n'kuliika pakhonde, pafupi ndi makina osokera. A Kalinde analitsuka ndi sopo ndi madzi otentha ngakhale kuti mowa sunaligwerepo n'kamodzi komwe. Anatuma uthenga kwa a Nabanda kuti abweretse tiyi wamkaka m'ketulo ya kunyumba, ndi makapu amene sanalowepo mubala.

Tiyi atafika anakoka mpando umodzi.

"Che Nasibu, khalani apa."

Che Nasibu anasansa ulusi pamalaya ake, n'kukhala. Anasisita thabwalo ndi dzanja, kuyamikira ntchito ya kalipentala. A Kalinde anamuthirira tiyi, kumuikira shuga, n'kubwerera m'mbuyo masitepe awiri. Anaima chilili, nsalu ili pamkono, manja kumbuyo, maso ali pa kapu ya mlendo kuti ikatha athiremo wina.

Che Nasibu ananyamula kapu, koma sanamwe. Anawayang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu.

"Achimwene, inuyo munayamba mwakhalapo patebulo limeneli?"

A Kalinde anayang'ana mipando yopanda anthu ija. Kwa Helimuti munthu wakuda sakanayerekeza. Kuno tebulo linali lawo, logula ndi thukuta lawo, ndipo analipukuta zaka ziwiri. Koma zoti iwonso angakoke mpando n'kukhala zinali zisanawabwerere m'mutu.

Che Nasibu anaimirira, n'kukoka mpando woyandikana ndi wake.

"Khalani apa, a Kalinde."

Anakhala pang'onopang'ono, cham'mphepete mwa mpando, ngati mlendo. A Nabanda, amene anali ataima ndi ketulo, anachotsa nsalu ija pamkono pa amuna awo n'kuwathirira tiyi. A Kalinde analandira kapuyo ndi manja awiri.