Munga umene sindinaumve

"Muzingokalipa choncho, mpaka mwendowo akaudule!"

Amenewo anali akazi anga, mayi a Hawa, Lachiwiri lapitali. Ndinkasamba mapazi kuti ndikaswali kumzikiti, iwo n'kuona magazi m'madzimo. Atandigwira phazi anazula munga wa mlamba, pabalapo patayamba kale mafinya. Ndinauponda liti? Kaya ku Chiuta kokagula nsomba, kaya pa Nkaya potsitsa madengu. Sindinamve kanthu.

Mumandidziwa, ndine wa mtima wapachala. "Iyayi! Kamunga kokhaka ndithamangire kuchipatala? Ndine mwana ine?"

Ndinapitabe, kuthawa phokoso.

Kumeneko namwino ananditenga magazi pachala, kenako anati nditsinzine. "Mukamva kuti ndakukhudzani kuphazi, munene."

Ndinatsinzina. Zii.

"Achemwali, yambanitu, nsomba zikundidikira!"

"Bambo, ndayamba kalekale. Tsegulani maso."

Ndinaona kachingwe kolimba kakukanikiza chala changa chachikulu mpaka kupindika. Maso akuona, phazi osamva.

Akuti ndi shuga. Akuti ikakhalitsa m'thupi imapha mitsempha ya kumapazi mwakachetechete, ndipo kabala kosaoneka n'kamene kamadulitsa mwendo.

Tsono tamvani. Chilimwe chathachi ndinkayenda wopanda nsapato pamchenga wotentha wa ku Chiuta, anzanga akudumphadumpha. Ine n'kumadziguguda pachifuwa: "Mapazi a mwamuna awa!" Kani ndinkanyadira matenda.

Chichokereni kuchipatala ndikungosinkhasinkha. Ululu timautukwanawu, kani ndi mlonda amene Mulungu anatiikira. Kamunga kakangobaya pansi, uthenga wafika kumutu usanaphethire n'komwe. Anayala njira imeneyi ndani? Amailipira ndani? Subhanallah, ulemerero kwa Mulungu! Ndakula mpaka imvi osathokozapo kuti ndimamva kuwawa. Lero wanga mlondayo wagona, ndipo akuti mwina sadzadzukanso.

Amuna anzanga, timatamandana chiyani? Wosamva kuwawa timati ngolimba. Wopita kukayezetsa asanagwe timati ngwamantha. Nanga amene sakumva kanthuyo mwamuyeza? Chakudza sichiimba ng'oma. Changachi chinaletsa ndi ng'oma yomwe.

Zamapiritsi ndavomera. Tiyi wopanda shuga ndikumwa, ngakhale ndikumwa motukwana. Maso akuti ndikapimitsenso. Koma lamulo londivuta ndi ili: kunsi kwa phazi kuzionedwa tsiku lililonse. Ndi mimba yangayi, ine kumeneko sindifikako. Pafunika maso a munthu wina, ndipo munthuyo ndi yemwe ndinamukalipira uja.

Nditabwerako kuchipatala kuja, m'mawa mwake ndinakhala pakhonde, n'kutambasula mwendo.

"Mayi a Hawa, tandionereni."

"Ee? Lero simukalipa?"

"Onani phazilo, inu."

Anatsuka bala lija, nayang'ana pakati pa zala, chimodzichimodzi, osafulumira.

Kenako ndinatulutsa nsapato zomwe ndimasungira tsiku la Idi, ndinavala, n'kunyamuka kukagula nsomba.