Jekete la bambo pa kanema

Bambo anga anali ndi jekete limodzi lokha, lobiriwira, la mabatani onyezimira, logula pa kaunjika. Anali mkulu wa mpingo, ndipo mu Biwi monse anthu ankawazindikira akadali patali chifukwa cha jeketelo.

Kuseri kwa nyumba yathu kunkachita lendi mnyamata wina wa zisudzo. Tsiku lina anabwera akusisita manja. "Abambo, mundibwerekeko jekete, pali kantchito." Bambo, ndi mtima wawo uja, sanafunse kuti ntchito yanji. Linabwerera madzulo ake, ife n'kuiwala.

Patapita miyezi tinali kwa aneba, poti pamzere wathu wonse wailesi ya kanema inali imodzi. Panabwera nyimbo yatsopano. Tinangoona jekete lija, m'kati mwake muli mnyamata wa lendi, Baibulo kumanja. Ankachita sewero la m'busa wonyenga. Akati "tiyeni tipemphere," anthu n'kutsinzina, iye ankatsegula diso limodzi, kusuzumira m'zikwama za amayi, kenaka miyendo ya atsikana a kwaya.

Nyumba yonse inafa nalo phwete. "Si jekete la akulu a mpingo ilo?" anakuwa mayi wina wogulitsa mandasi. Amayi anga anadzuka n'kutuluka. Chimene chinandibalalitsa mutu n'chakuti bambo nawonso ankaseka mpaka kupukuta misozi. "Alipo otere," anatero. "Alipodi."

Ine ndinasowa chogwira. Ngati alipo, ndi ati? Amadziwika bwanji, poti jekete ndi lomweli, Baibulo ndi lomweli? Nyimboyo inkaulutsidwa tsiku ndi tsiku, ndipo ku mpopi atsikana anzanga akandiona ankanditsinzinira diso limodzi. Ndinkapsa mtima, koma nyimbo ija inkakoma, moti ndinkangopezeka ndikuiimba potsuka mbale.

Loweruka amayi anabisa jekete lija. "Muvale malaya okha, anthu ayambe aiwala kaye." Bambo anakana. "Lalakwa chiyani jekete?" Analifukula pansi pa matiresi, n'kulisita okha ndi simbi ya makala.

Lamlungu ku tchalitchi bambo anaimirira kutsogolo nati, "Tiyeni tipemphere." Ndinatsinzina monga mwa masiku onse, koma mtima sunali m'malo. Bambo anga ndinkawadziwa bwino, munthu woti sangatole ngakhale singano ya mwini. Nanga ndinkafuna kuona chiyani? Mpaka lero sindidziwa. Ndinangotsegula maso.

Bambo anali atatsinzina zolimba, nkhope itakwinyika, thukuta likutsikira m'kolala. Mtima unakhala pansi, manyazi n'kundigwira. Kenaka ndinacheuka kuti ndione ngati wina wandipezerera.

Anyamata a kwaya anali kuyang'ana. Amayi a mandasi aja, maso ali tong'o pa bambo. Benchi ndi benchi, anthu ataweramitsa mitu koma akusuzumira jekete lobiriwira.

Pambali panga panali amayi anga, manja atapinda bwinobwino pachifuwa. Nawonso maso awo anali otsegula.