Wokwirira Maenje a Pamtsetse

Kumtunda kwa Chisepo kuli bambo ena achikulire amene amadana ndi dzenje ngati mfiti. Anali akabaza mpaka mawondo anawakana. Masiku ano mvula ikangokumba msewu wa pamtsetse, amatuluka ndi khasu ndi wilibala yolira, akulalatira madzi ngati akumva. Palibe anawatuma. Mawu awo ndi amodzi: "Njinga si chidole, ndi miyendo ya wosauka."

Mvula itangosiya chaka chatha, kunabwera munthu wa ku Lilongwe, kabudula wothina, njinga yonyezimira. Anati amatsogolera alendo okwera njinga m'mapiri pongofuna kusangalala.

"Bambo, pano musamakwirire," anapempha mwaulemu. "Alendo athu amakonda mabampuwa. Ndiye pokoma penipeni."

Bambowo anaika khasu pansi pang'onopang'ono. Pamtsetse pomwepo ndi pamene tsiku lina m'mbuyomo njinga yonyamula mpongozi wawo Lenia, ali woyembekezera, akuthamangira naye kukachira, inagwera m'ngalande. Kuchipatala anafika, koma mwana sanalire.

"Pokoma?" anatero bambowo. "Inu thukuta mumachita kudzalifuna, ife tinabadwa nalo. Akazi anu tsiku lawo likakwana, mudzawakweze pakaliyala, mutsike nawo apa mvula ikugwa. Mukakafika kumunsi, mudzandiuze kukoma kwake."

Munthu uja anakwera njinga yake osatsanzika. Bambowo anakhuthulira wilibala yonse m'dzenje lomwe munthuyo analiyamikira lija, n'kupondaponda mpaka linatheratu.