Timau Tabwino Tokhatokha

Chaka chimene nthochi zathu zinagwidwa ndi matenda, ndinauza amai kuti ndatopa kuthamangila mabasi pa Kacholola ndi beseni pamutu. Mnzanga anali atandipezela ntchito yophika ku Solwezi, pa loji ina yogona anthu a kumigodi. Amai sanakane. Anangoti, "Pita Tisa, koma usatisowetse mau."

Ku Solwezi ndinali ngati nkhuku yachilendo. Chilankhulo chawo sindinkachimva, ndipo Lamlungu ndinkangokhala m'kachipinda kanga kudikila kuti dzuwa lilowe. Kuimba foni kunkadya ndalama zoti nditumize kumudzi. Mnzanga uja ndiye anandiphunzitsa kulemba timau tifupitifupi pa intaneti, mizele iwili kapena itatu, aliyense n'kuwelenga. Koyamba ndinalemba kuti, "Ndafika bwino, Mulungu ndi wabwino." Anthu atayankha, mtima unakhalako pansi. Basi chinasanduka chizolowezi. Ndikalila, ndinkapukuta m'maso n'kulemba kuti Solwezi ikukoma. Nanga ndani angalembe pamaso pa anthu onse a kwawo kuti akusowa wolankhula naye?

Alamu anga Esnati, akazi a alongo anga, anali ndi foni yaikulu. Ndinawalangiza pang'onopang'ono mpaka anatsegula tsamba lawo, kuti aziwelengela amai timau tanga. Nawonso anayamba kulemba: mbuzi yaswa, mvula yagwa, amai akupeleka moni. Ndikawelenga, ndinkagona tulo.

M'mawa wina ndikusenda anyezi, amalume aDaka anaimba. "Matenda a amai ako akula. Unyamuke mawa."

Kwathu munthu wakutali samuuza malilo pafoni, kuopa angakomoke panjila. Amangoti matenda akula. Mwambowu ndinkaudziwa bwino, koma mtima unakana. Amai omwe aja opeleka moni sabata yatha? Ndinakwela basi ndi pemphelo limodzi, loti ndikawapeze akupuma, andione. Ku Lusaka, podikila basi ina, ndinalemba kuti, "Ndili panjila, pemphelelani amai anga."

Basi itaima pa Luangwa, anthu anatsika kukagula nsomba. Ine ndinatsegula foni. Pansi pa timau tanga, mai wina wa kumpingo kwathu anali atayankha kuti, "Pepa mwanawe, mzimu wawo uuse mumtendele."

Mayo ine. Ndinaluma chitenje kuti ndisakuwe pakati pa anthu osandidziwa.

Pa Kacholola amalume anali kudikila. Anandilandila chikwama, maso ali pansi. "Tiye pang'onopang'ono, odwala akupumula," anatelo. Sindinawauze kuti ndikudziwa. Mkulu uja anali atausenza udindo wake, ndinamusiya aufikitse. Tinayenda akundifunsa za mvula ya ku Solwezi, ine n'kumayankha, mpaka tinayamba kumva nyimbo za azimai. Apo ndipo anaima n'kundigwila dzanja.

Titaika malilo, ndinakhala ndi alamu kuseli kwa nyumba tikutsuka mbale.

"Alamu, amai anayamba liti kudwala?"

"Nthawi yokolola. Mwendo unatupa, kenako anasiya kudya."

"Miyezi yonseyi inu mukulemba za mbuzi?"

Alamu analila. "Anatiletsa okha. Ndikawawelengela timau tanu ankamwetulila, n'kunena kuti, 'Mwanayu wapeza mtendele kumeneko, musamusokoneze.'"

Ndinapukuta manja n'kutenga foni. Ndinawelenga zonse kuyambila pachiyambi, zanga ndi za alamu. Munalibe wodwala, munalibe wosungulumwa, mudzi wonse ndi ine tinali bwino tsiku lililonse. Zimandipweteka mpaka lelo. Ine ndinkabisa kuti amai asade nkhawa, amai n'kumabisa kuti asandichotse pa chisangalalo chimene ndinalibe. Akanangondiitana, ndikanasiya mapoto pamoto tsiku lomwelo.