Ndinangomvapo Mawu Oti Chitetezo

Magazi ndinayamba kuwaona mu Febuluwale, m'mawa wina ndikukodza kuseri kwa munda wanga wa chinangwa kufupi ndi Bandawe. Sizinkapweteka. Ife a kunyanja tinakula tikukodza zofiira, ndipo tili anyamata tinkaseka mnzathu wokodza zoyera kuti sanakhwime. Koma munthu wa zaka zoposa makumi asanu ndi limodzi, mkulu wa mpingo, amene anasiya kalekale kupalasa bwato, angauze ndani kuti akukodza magazi? Ndinkadziwa zimene anthu angaganize, chifukwa ineyo ndinali nditaziganiza kale.

Ndinabisa miyezi itatu. Chimbudzi cha pakhomo ndinachisiya kuti mkazi wanga, NyaChirwa, asaone kanthu. Mu Meyi mkodzo unayamba kutuluka ndi timibulu ta magazi, ndipo tsiku lina unatsekekeratu kuyambira m'mawa mpaka masana. NyaChirwa anandipeza ndikubuula m'chinangwa, nandikweza pa kabaza. Kuchipatala chaching'ono anandiika paipi yotulutsira mkodzo, nandipatsa mapilitsi a likodzo. Patatha milungu itatu magazi sanasiye, choncho ananditumiza kuchipatala chachikulu.

Kumeneko munthu amaphunzira kudikira. Tinkafika m'mamawa, buku la kuchipatala n'kuliika pamulu, kenako n'kukhala pabenchi mpaka miyendo kuchita dzanzi. Anandiunika m'mimba, ndipo tsiku lina anandilowetsa kachipangizo koonera m'chikhodzodzo, napala chotupa chimene anachipeza. Pa tsiku la zotsatira ndinauza NyaChirwa kuti atsale panja asunge chikwama. Chikwamacho chikanatha kulowa nafe bwinobwino, koma ine sindinkafuna mboni.

Dokotala anali mtsikana wa chigawo chapakati, wolankhula Chichewa chothamanga. Anati ndili ndi khansa ya m'chikhodzodzo, koma sinalowe kwambiri m'mnofu. Kenako anati, "Bambo, kachidutswa ka chotupacho tikatumiza kukayeza chibadwa chake. Pali mankhwala amene amadzutsa chitetezo cha m'thupi kuti chilimbane ndi khansa, koma sagwira kwa aliyense. Zizindikiro za m'chotupacho zitithandiza kuona ngati angagwire kwa inu. Mubwerenso pakatha mwezi."

Lero ndikutha kubwereza mawu onsewo chifukwa anandifotokozeranso pambuyo pake. Tsiku limenelo ndinangomvapo amodzi okha, chitetezo. Kwathu kuno akati chitetezo cha uje chatsika, aliyense amadziwa matenda amene akunenedwa, ndipo mankhwala a chitetezo timawadziwa mtundu umodzi wokha. Ndinaganiza kuti mwana waulemuyu wandipeza ndi kachilombo, koma akuzungulira poona imvi zangazi. Anandifunsa ngati ndili ndi funso. Ndinati ayi, zikomo kwambiri, ndamva zonse.

Ndinali ndi chifukwa choopera. Kale, ana athu ali aang'ono, ndinakhala nyengo ziwiri ku Usisya tikupha usipa, ndipo kumeneko kunali mayi wina amene sankangondiphikira nsima ya kondowole yokha. Mayiyo ndinadzamva kuti anamwalira atadwala nthawi yaitali. Ndinalapa kwa Mulungu, koma kwa mkazi wanga sindinalape, ndipo kukayezetsa ndinkakulalikira kwa ena okha.

NyaChirwa ndinamuuza kuti ndi likodzo lakale basi. Pepala la tsiku lobwereranso ndinalipinda n'kulilowetsa m'buku la nyimbo. Mwezi unatha, sindinapite. Ndinasamuka pabedi n'kumagona pamphasa, ati chifukwa cha msana, poopa kumupatsira. Iye anayamba kuonda ndi maganizo, akuyesa kuti ndapeza wina ku ukalamba kuno. Ndinkaona zonsezi, n'kumabisabe. Miyezi inayi inapita choncho, magazi akubwerera, msana n'kuyamba kupwetekadi.

Mu Okutobala ndinalephera kupirira. Tikusenda chinangwa chovuula pakhonde, ndinamuuza zonse, za ku Usisya ndi za dokotala zomwe. Sanalire, sanakweze mawu. Anamaliza kusenda chimene chinali m'manja mwake, nati mawa tikayezetse tonse.

Tonse awiri anatipeza tilibe kachilombo. Ndinatsutsa, n'kutulutsa pepala lija ngati umboni. Namwino analiwerenga kawiri, nandiyang'ana. "Ada, pepalali silikunena za kachilombo. Chitetezo aliyense ali nacho, ngakhale ine. Amafuna agwiritse ntchito chanucho pochiza khansa. Mwakhala kuti miyezi yonseyi?"

Manyazi amene ndinamva pamenepo sindinawamvepo chibadwire. Ndinali nditaulula tchimo limene silinkandidwalitsa, n'kuthawa matenda amene ankandidya.

Titabwerera kuchipatala chachikulu, zotsatira zinali zitafika kalekale. Dokotala anati zizindikiro zinkaonetsa kuti mankhwala aja akanatha kundithandiza, ngakhale kuti palibe akanalonjeza. Koma atandiunikanso anapeza kuti chotupa chameranso ndipo chalowa m'mnofu. Njira yotsala inali kuchotsa chikhodzodzo chonse. Opaleshoni inachitika mu Disembala. Ndinagona m'wodi milungu itatu, NyaChirwa akugona pansi pambali pa bedi, akundiphikira phala kukhitchini ya odikirira odwala.

Tsopano papita chaka ndi miyezi ingapo. Ndimakodzera m'kathumba komata pamimba, kamene ndimakhuthula ndekha. Ndanenepako, ndimalima pang'ono m'mawa, ndipo poyeza komaliza sanapeze chotupa china. Ku mpingo ndinapempha kutula pansi udindo, ndipo sindinafotokoze zambiri.

Abale anga a kunyanja, mukaona magazi mumkodzo musati ndi likodzo la masiku onse, pitani kuchipatala sabata yomweyo. Dokotala akanena mawu amene akugundani pamtima, mufunseni kuti akutanthauza chiyani, ngakhale kufunsa katatu, ngakhale kupempha womasulira m'Chitonga. Ine ndinachita manyazi kufunsa funso limodzi lokha.

Za ku Usisya NyaChirwa sanazitchulenso, ndipo sindidziwa ngati anandikhululukira. Chimene ndikudziwa n'chakuti kwa dokotala sindilowanso ndekha. Iye ndiye amakhala pampando wakutsogolo n'kumafunsa, ine ndimakhala kumbuyo nditanyamula chikwama.