Mabelo amene anabwerera ku Njombwa

Ntchito yosankha fodya ndinaipeza patapita miyezi itatu bambo a ana anga atamwalira. Mayi wina wa kumvano anandiuza kuti pa esiteti ya ku Njombwa akufuna anthu. Sukulu ndinalekeza msanga, koma a Banda, kapitawo wa pachigafa, sanafunse pepala. Anandipatsa masamba asanu nati, "A Naphiri, siyanitsani." Ndinayamba tsiku lomwelo.

Alamu anga anali atanena kuti ndikalephera kulima munda wa malemu, autenga. Mbewu ndi feteleza ndinkaziyembekezera pantchito imeneyi.

Fodya tinkamutsitsa pamikangala m'mamawa, chinyezi chisanachoke, kuti masamba asaphwanyike. Wofiira payekha, woyera payekha, wong'ambika payekha. Kenako amuna ankamudinda pajeke, chopanira fodya kukhala mabelo, n'kusoka chiguduli.

Wogula fodya wa esiteti yathu anali mmodzi, kampani ya boma la dziko lina lakutali. Boma lomwelo ndi limene linakonza msewu wathu, ndipo tinkaliyamika. Ndinazindikira mochedwa kuti msewuwo unkathera pamalo awo osungira fodya, kuchipatala osafika.

Tsiku lina lole inabwera ndi mabelo athu omwe aja, osatsegulidwa n'komwe. Ndinkati ndalakwitsa kusankha ndine.

"Fodyayu alibe vuto," anatero a Banda. "Boma lawo lagwirizana ndi dziko lina, azikagula kumeneko. Abwana ati mawa musabwere."

"Nanga ogula ena aja a ku okushoni?" ndinafunsa.

"Amenewo amafuna kasankhidwe kena. Amasule mabelo onsewa ndani?"

"Ife. Manjawa sanagwirizane ndi boma lililonse."

A Banda anaseka, kenako anapita kwa abwana. Atabwerako anandipatsa mpeni wodulira ulusi.

Tinamasula mabelo onse, amayi asanu ndi atatu, n'kusankhanso tsamba ndi tsamba potsata kutalika kwake. Zala zinasweka, fumbi linatitsokomoletsa sabata ziwiri. Fodya anagulidwa, pamtengo wotsikirapo, koma ntchito sinathe.

Mvula itagwa munda ndinaugawa patatu: chimanga, soya ndi mtedza. Alamu anabwera kudzaona, anayenda m'mizere manja ali kumbuyo.

"Malemu ankadzala fodya pano," anatero.

"Ankadzalira wogula mmodzi, alamu. Akatembenuka iyeyo, ana adya chiyani?"

Kenako anapempha mbewu ya soya.

Fodya ndimasankhabe mpaka lero, koma munthu akabwera ndi msewu ndi lonjezo, ndimayamba ndafunsa kumene msewuwo ukuthera. Munda uja udakali wanga.